Chitini cha aNamapini

Dzina loti aNamapini sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, anthu omwewa opanda chotsekera pakamwa, ndipo linawamatirira ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Ntchito yawo inali utelala. Kashopu kawo kanali pakati pa wosoka nsapato ndi wometa, kachipinda koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Munali makina opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, chidole chopanda mutu choyezerapo madiresi, ndiponso chitini cha mapini pawindo. M'chitinimo munkakhala mapini makumi anayi, osachepera, osapitirira.

Amene amati mayiwa anali amisala ndi abodza, ndipo adzanene zimenezo pamaso. Zaka makumi awiri akusoka, palibe kasitomala anabwezapo chovala. Chinthucho chinayamba chaka chimene mwana wawo wamkazi anali woyembekezera. Tsiku lina masana, akupinda kadiresi ka mwana wa kasitomala, kaphini kotsalira mumpendero kanawabaya chala. Anakachotsa, kadiresi kanapita kwa eni ake, nkhani inatha. Koma m'mutu sinathe.

Kuyambira pamenepo kunkabwera mawu. Sanali a munthu wina ayi. Anali mawu awo omwe, aulemu, apansipansi, ngati a mlendo amene wakhala pampando wako ndipo sakutchula zonyamuka. Akangomaliza chovala, mawuwo ankafunsa kuti, mwatsimikiza? Ndiye ankayala kansalu koyera patebulo, n'kundandalika mapini khumi khumi, mizere inayi. Ankawerenga katatu. Munthu akawapatsa moni ali pakati, ankayambiranso. Akamaliza ankapapasa misoko yonse ndi nsonga za zala, ndipo mawuwo akati mwina kalowa m'kati, ankasomola chovala chimene anali atachisoka bwinobwino. Nthawi yonseyo chidole chija chinkangoima pakona, khosi lake litaloza kwa iwo.

"ANamapini, sukulu yayamba?" wometa ankafunsa atasuzumira pakhomo. "Ana onse afika, kapena wina wajomba?"

"Iwe meta mitu," wosoka nsapato ankamudula, msomali uli kukamwa. "Zam'kati mwa mitu si ntchito yako."

Kwa wosoka nsapatoyo ndi kumene aNamapini anaululako kamodzi. "Bambo, maso anga akuona kuti akwana. Ndikudziwa kuti akwana. Koma kudziwako sikukufika kumtima."

Makasitomala anayamba kuchepa. Wina aNamapini anamutsatira mpaka pokwerera basi, n'kumupempha kuti amugwireko kolala ya malaya. Sanabwerenso.

Kenako mdzukulu anabadwa, kamtsikana ka tsitsi lambiri. ANamapini anapita kukamuona manja atawabisa kumbuyo. Atangoyang'ana paliwombo pakugunda, chithunzi chinawabwerera chathunthu: kaphini kakutsetsereka kuchoka m'dzanja la bulauzi yawo, kakutsika pang'onopang'ono, n'kuima pamalo ofewa aja. Anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko. Miyezi inayi inatha asanamunyamule. Anamusokera kadiresi kachikasu, koma anakasomola kakhumi ndi kamodzi, ndipo kankangolendewera pakhosi pa chidole.

"Amayi, mwanayu wakulakwirani chiyani?" mwana wawo anafunsa tsiku lina ataima pakhomo la shopu, khanda lili kumsana. "Bambo ake awasamutsa kuntchito, tikupita kutali mwezi wamawa ukatha. Akadzakula ndidzamuuza kuti agogo ake ankamuopa?"

Mawu amenewo anafika kwa mng'ono wawo wa aNamapini, mayi wosadziwa kunong'ona. M'mawa mwake anatulukira, n'kutseka yekha shopuyo. "Akulu, valani nsapato. Mano akawawa mumapita kuchipatala, ndiye mutu ndi wa galu?"

Mlangizi wa kuchipatalako anali mayi wachitsikana wovala magalasi. Anamvetsera zonse, ngakhale za liwombo zija, nkhope yake osasintha. Anati vutoli ndi lodziwika ndipo ambiri amathandizidwa. Anati maganizo otere amaluma pamene munthu amakonda kwambiri, ndipo kuganiza chinthu si kuchifuna.

"Kuwerengako ndi fupa limene mukuponyera galu wosokera," anatero. "Amachoka pang'ono, mawa n'kubwera ndi njala yoposa. Tiyamba kumumana fupalo pang'onopang'ono. Adzauwa, musadabwe."

Anayamba ndi kuwerenga kamodzi m'malo mwa katatu. Patapita masabata awiri anagwirizana ndi wosoka nsapato chinthu chowawa. M'mawa uliwonse wosoka nsapato ankalowa, n'kupisa dzanja m'chitini. Mwina ankatapamo, mwina ankawonjezamo ake, mwina ankangogwedeza, ndipo sankanena. Tsiku loyamba aNamapini anakhala pamakina thukuta lili kamukamu, chitini chili kumbuyo kwawo ngati munthu wowayang'ana. Mantha anakwera. Anakhala pomwepo ola lathunthu, kenako manthawo anatsika okha, palibe anawathamangitsa.

Sikuti zinayenda myaa. Lachinayi lina analephera kupirira, anawerenga, n'kupeza kuti atatu palibe. Anatseka chitseko masanasana, anakhuthula madirowa, anakwawa pansi ndi tochi. Wosoka nsapato anagogoda.

"Ali kwa inu atatuwo?" anafunsa ali m'katimo.

"Mayi, tinapangana. Sindinena."

ANamapini anamutukwana mawu oti wometa anazimitsa makina kuti amve bwino. M'mawa mwake anamupepesa, n'kumupatsanso chitinicho.

Loweruka lomaliza, dzuwa lili paliwombo, mwana wawo anabwera kudzatsanzika. ANamapini anachotsa kadiresi kachikasu pakhosi pa chidole. Anali atakasoka komaliza dzulo lake, osakapapasa. Mwatsimikiza? mawu aja anafunsa. Anakapereka choncho. Mayi wa mwana anamuveka, anamanga mabatani akumsana, n'kumuika m'manja mwa agogo ake asanapeze mpata wokana.

Khandalo linalemera kuposa mmene ankaganizira. Linawayang'ana, linakwinya nkhope, n'kuyamba kulira.

Mwamva? anatero mawu aja, mokoma mtima. Kaphini kali mumpendero. Mvuleni msanga.

Zala zawo zinafika pabatani loyamba zokha. Anaziyang'ana ngati za munthu wina, kenako anazitsitsa, n'kuzikhazika pamsana pa mwanayo. Anayamba kumusisita. Kulira kunakula. Iwo osasiya.

"Ndi kutentha, amayi," mwana wawo anatero. "Mushopu mwanumu muli ngati mu uvuni."

Mwina kunalidi kutentha. Palibe anafufuza. Patapita kanthawi mdzukuluyo anagwira tepi yoyezera imene inali m'khosi mwa agogo ake, anailowetsa m'kamwa, n'kukhala chete.

"Taonani," wometa anatero ali pakhomo, mawu atatsika. "Telala wina uyo."

ANamapini anamunyamula mdzukuluyo mpaka nthawi ya basi itakwana, ndipo anamuperekeza okha ali naye pachifuwa. Atabwerera, shopu inali momwe anaisiyira. Chidole chinali chili pakona pake, khosi lopanda kanthu. Chitini chinali pawindo, chivundikiro chitatseguka pang'ono.

Alipo angati? mawu aja anafunsa.

"Sindikudziwa," aNamapini anayankha mokweza. Anakhala pansi, anaika nsalu pamakina, n'kuyamba kupalasa.