Mwala wa a Rakele

Azakhali anga a Rakele ankadziwika pa Chiwanga ponse ndi zinthu ziwiri: pakamwa ndi kondowole, nsima ya chinangwa ija. Pakamwapo tisanene, ngakhale agalu ankawapatukira. Koma ufa wawo, abale inu, unali woyera mbee, chifukwa chinangwa akachiviika mumtsinje ankachitsindira ndi mwala wolemera kuti chisayandame mpaka chivunde bwino. Amuna awo a Gideoni anali mmisiri wa matabwa wophunzira ku mishoni, munthu woti mawu ake unkawamva Lamulungu lokha, poimba m'tchalitchi.

M'nthawi imene Kampani ya azungu inkalamulira kwathu kuno, kunabwera lamulo loti pa kamtsinje kathu pamangidwe ulalo, kuti amtengatenga asamachedwe dzinja. Ntchitoyo inagwera a Gideoni. Anazika mizati m'madzi, n'kuunjikira m'tsinde mwake miyala yaphanthiphanthi imene anatuta kuphiri. Tsiku loyala nsungwi pamwamba, anthu ali pantchito, ulalo unangopendekeka, m'madzi khuvuu! A Shamsu, msodzi amene anali pakati penipeni, anathyoka mwendo.

Asilikali anawamanga a Gideoni n'kupita nawo kuboma ku Mtengula. Uthenga unabwera woti ngati chogwetsa ulalo sichidziwika, mmisiriyo amutumiza kunyanja yamchere kukasenza katundu. Kumeneko amuna ambiri ankapita osabwerako. Atawafunsa, a Gideoni akuti anangoti kukamwa tseke.

Pamudzi aliyense anasanduka katswiri. Ena amvekere ndi ufiti. Ena amvekere luzi linali lofumbwa. Wina mpaka anati a Shamsu ananenepa kwambiri, munthu woonda ngati usipa wouma! A Rakele anawatukwana onsewo, n'kukwinda nsalu kupita kumtsinje okha.

Anakoka luzi ndi mano, lolimba ndithu. Anagogoda mizati, yopanda chiswe. Kenaka analowa m'madzi n'kuyamba kupapasa ndi phazi pamene panali mizati. Mchenga wokhawokha. Nanga miyala ija? Mvula inali isanagwe, ndiye panalibe madzi oti n'kuikokolola.

Anatsika ndi mtsinje mpaka pamaiwe oviikira chinangwa. Ayi ndithu, miyala yonse inali pomwepo, uliwonse utakhala pa chinangwa cha mwini wake. Miyala ya m'mbali mwa nyanja ndi yobulungira, imagubuduzika, ndiye amayi ataona yaphanthiphanthi itaunjikidwa pafupi, aliyense ankangoti, umodzi wokha ungalakwe chiyani. Waukulu kuposa yonse, wokhala ndi mzere woyera pakati, unali padziwe la a Rakele eni ake. Anakhala pansi pamchenga.

Mantha anawagwira, ndipo sankabisa akamatisimbira nkhaniyi. Kukaulula kunali kupereka amayi a mudzi wonse, kukhala chete kunali kutaya mwamuna. Anayenda khomo ndi khomo, ndipo aka kanali koyamba anthu kuwamva akulankhula motsitsa.

"Amayi anzanga, ndayamba ndine kuba. Mawa ndikusenza mwala wanga kupita nawo ku Mtengula. Amene mtima ukumuuza, anditsate."

A Shemsa, akazi a a Shamsu, ndiwo anayamba kuzula wawo, misozi ili chuchuchu, poti nawonso anatengako. M'mawa mwake mzere wa amayi unayenda m'mbali mwa nyanja, miyala pamutu, chinangwa chitasiyidwa chikuyandama. Atafika, anaitula umodziumodzi pabwalo la mzungu wolamulira pabomapo, a Rakele n'kufotokoza kudzera mwa womasulira.

Mzunguyo anayang'ana mulu wa miyala, anayang'ana amayiwo, n'kupukusa mutu. Kumanga mudzi wonse sakanatha. Anagamula kuti amayiwo atute okha miyala ya ulalo watsopano kuchokera kuphiri, ndipo mmisiri amasulidwe akamangenso. Anatutadi mpaka makosi kuuma, osaleka kupereka ufa kunyumba ya a Shamsu, amene anatsimphina moyo wawo wonse.

Pobwerera tsiku limenelo, a Rakele anatsalira m'mbuyo ndi amuna awo. Mtima unali ukuwawabe, ndiye anayamba mwa chizolowezi chawo.

"Inunso bambo a Priska, munthu kumangidwa osatsegula pakamwa? Mukanati simukudziwa, kapena mukananamizira chiswe!"

A Gideoni anayenda pang'ono, akusisita m'mikono mmene munadutsa chingwe.

"Kunama sindikanatha, amayi a Priska. Ndinkadziwa."

"Munkadziwa chiyani?"

"Wa mzere woyera uja ndinausenza ndekha kuphiri. Pamene ankandidutsitsa pamaiwe nditamangidwa, ndinauona pa chinangwa chanu."

Azakhali anga, amene sanasowepo choyankha chibadwire, anayenda chete mpaka kunyumba.