Khutu Lotsala la a Tsekwe

Loweruka pa 14 Juni, kusanache bwino, m'mphepete mwa dambo la abakha, munthu anavula mlamu wake zotseka kumakutu n'kuveka mlendo. Wovulidwayo ndi a Tsekwe, okonza mawotchi aja amakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, pafupi ndi pokwerera basi. Wovula mnzakeyo ndi mchimwene wa akazi awo, wapampando wa kagulu ka alenje a mbalame. Zinachitika anthu akuona, ndipo mpaka lero palibe wapepesa.

Dzina la Tsekwe analipata ali mnyamata. Akapinda manja pakamwa n'kulira, atsekwe ndi abakha am'tchire ankakhota m'mwamba kudzaona mnzawo. Mfuti sanakhalepo nayo, sankaifunanso. Ntchito yawo m'gulumo inali kubisala m'bango n'kumamvetsera. Kukakhala kachisisira bakha saoneka, koma mapiko ake amaimba kamluzu. A Tsekwe akamva kamluzuko ankanong'ona kuti, "Kumanzere, ali m'munsi," alenje n'kukweza mfuti. Womvetsera satseka makutu. Anzawo ankaika thonje, iwo ayi. Mlamu wawoyo ankakonda kuima kumanzere kwawo, mfuti ili patsaya ngati akufuna kuwameta nayo ndevu. M'kupita kwa zaka khutu la kumanzere linazilala ngati wailesi yotha mabatire, mpaka akazi awo anazolowera kuyamba azungulira tebulo akafuna kuwakalipira.

Linatsala la kumanja, ndipo ndi limene linkadyetsa banja. Wotchi ankaitsegula kumsana, kagalasi kali padiso, koma mlandu wake ankaugamula ndi khutu. Ankaigunditsa kukhutuko, n'kutsinzina, n'kuuza mwini wake kuti, "Iyi ikutsimphina mwendo umodzi, muisiye."

Chaka chatha mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, anawakokera kwa dokotala wa makutu. Dokotalayo sanapite m'mbali. Anati la kumanja nalonso layamba kutopa, mfuti ikadzaliranso pafupi popanda chotchinga, basi kwatha. Mwanayo anawagulira zotseka kumakutu zamakono, zoyendera mabatire, zimene zimalowetsa timawu tating'ono koma mfuti ikalira zimatseka. Kunyumba anazitcha timabakuli.

"Ababa, tsiku limene mudzaiwale timabakuliti ndidzakumangirirani pampando wanu uja," anatero mwanayo.

"Iwe, wabadwa dzulodzuloli, wayamba kale kulamula amuna a mayi ako?" anayankha a Tsekwe. Koma ankatipukuta ndi kansalu kamene amapukutira mawotchi odula, n'kutigoneka m'kabati.

Tsiku la pa 14 Juni lija, mlamuyo anabwera ndi abwana ake akuntchito, munthu amene anali asanawomberepo ngakhale chitini. Jekete lawo linkanunkhira kusitolo. Atatsika m'galimoto, abwanawo anafunsa za zotseka kumakutu, mlamu n'kuzindikira kuti sanawatengere. Zake mlamuyo, timphira tolowetsa m'khutu, zinali kale m'makutu mwake. Zozitulutsa sanaziganize n'komwe. Anatembenukira kwa a Tsekwe.

"Alamu, tabwerekani timabakuli tanuto. Lero lokha."

"Alamu, zimene ananena dokotala mukuzidziwa."

"Aa, madokotala! Akanakhala onena zoona bwenzi ine nditafa kalekale ndi shuga. Inu khutu lina linapita kale, lotsalali mukusungira chiyani? Mbewu?"

Alenje enawo anaseka. Ayenera kuti akukumbukira bwino, chifukwa anaseka onse.

"Mlendo ndi mame, alamu," anapitiriza mlamuyo. "Ndikuikani kutali ndi mfuti. Musandichititse manyazi pamaso pa abwana."

Sanadikire yankho. Anatambasula dzanja n'kuchotsa timabakuli pamutu pa munthu wa imvi ngati akuvula mwana chipewa.

Alipo anzeru ena akufunsa kuti bwanji a Tsekwe sanakane n'kubwerera kwawo. Ofunsawo sanakwatirepo mlongo wa mwini galimoto. Msewu wa basi unali kutali, ndipo mkangano wa padambo ukanakafika kukhitchini kwawo iwo asanafike. A Tsekwe anapempha thonje kwa mlenje wina, n'kutseka khutu lawo limodzilo, n'kulowa m'bango.

Thonje silisankha. Linatseka mfuti pamodzi ndi mapiko omwe. Abakha oyamba anadutsa pamutu a Tsekwe osawamva, ndipo mlamu anawaponyera chibuma pamsana n'kuwalozera kukhutu mokwiya. A Tsekwe anachita manyazi, pakuti zaka zonsezo bakha anali asanawazembepo. Anasolola thonje lija.

Nthawi yomweyo anamva kamluzu kakuchokera kumanzere, kakang'ono ngati ulusi. Munthu wa khutu limodzi amatembenuza mutu wonse kuti amve bwino, ndipo anatembenuka. Sanadziwe kuti abwana aja, atavala timabakuli, nawonso anamva mapikowo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, n'kukwawa ndi chimwemwe mpaka kufika paphewa pa a Tsekwe. Mfuti ya abwanawo inalira kawiri, chikhatho chimodzi kuchokera pakhutu la kumanja.

Bakha sanagwe ndi mmodzi yemwe. A Tsekwe anangoona mlamu wawo akutsegula ndi kutseka kukamwa ngati nsomba ya m'beseni. M'mutu mwawo munali nyenje, ndipo nyenjeyo sinasiye kulira chilowereni.

Lolemba anapita kuntchito monga mwa masiku onse. Anayala kansalu patebulo, n'kundanda timasikuludiraiva. Kunabwera mayi wina wamasiye ndi wotchi ya malemu amuna ake, yopukusa ndi zala. A Tsekwe anaitsegula, kuitsuka, kuithira kadontho ka mafuta, n'kuigunditsa kukhutu. Zii. Anaitsegulanso poganiza kuti alakwitsa penapake. Mkati zonse zinkayenda, kamuvi kakuthamanga bwinobwino. Anaigunditsanso, n'kutsinzina mpaka nkhope kuchita makwinya. Kenako anaipereka kwa mayiyo.

"Mayi, tamverani. Ikulira?"

Mayiyo anagwedeza mutu kuvomera. Zimene ananena pambuyo pake a Tsekwe sanazimve. Analongedza zida zawo dzuwa lili paliwombo, zimene anali asanachitepo chiyambire ntchitoyo.

Dokotala akuti adikire, mwina kena kadzabwerera, koma osati zonse. Mwana wawo sakulankhula ndi amalume ake. Akazi awo ali pakati, uku mchimwene uku mwamuna, ndipo asiya kuzungulira tebulo, chifukwa mbali zonse ziwiri n'chimodzimodzi tsopano. Amangowagwira paphewa n'kuloza mbale. A Tsekwe amapitabe pakhonde paja, koma wotchi iliyonse amaisunga masiku angapo, n'kumaiyerekeza ndi yapakhoma la sitolo kuti adziwe ngati ikutsalira. Makasitomala ena atopa nako kudikira.

Timabakuli tinabwerera patapita sabata. Anatibweretsa dalaivala wa mlamuyo m'jumbo, tili ndi matope, mabatire atatha. M'jumbo momwemo munali abakha awiri osasosola. Amenewo ndiwo malipiro a khutu la munthu? Akuti chibale ndi fupa sichiola. Chimenechi chanunkha, ndipo fungo lake lafika mpaka pokwerera basi.

Kagulu ka alenje kakumana kale kangapo chichitikire zimenezi. Akambirana za mafuta a galimoto ndi za galu wa mlembi amene akuopa madzi. Za a Tsekwe akuti n'zapabanja.

Inu wapampando, mlamu wawo wa a Tsekwe, funso ndi limodzi lokha. Zanu zinali m'makutu mwanu, ndipo mawu a dokotala munkawadziwa. N'chifukwa chiyani munavula za mlamu wanu? Musatume dalaivala, musaimbe foni. Bwerani pakhonde la sitolo ya nsalu, muime kutsogolo kwawo kuti aziona milomo yanu, muyankhe.