Satifiketi Yomwe Inatsala mu Foni

Inu amene mwatopa ndi kufuna ntchito, imvani za Ramla wa kwa Ngokwe.

Madzi osefukira atagwetsa nyumba ya mayi ake, satifiketi yake ya Fomu 4 inapezeka m'matope itasanduka phala. Mtsikanayu anali atalephera mayeso kawiri, n'kudzakhoza kachitatu. Tsopano umboni wa thukuta lonselo unali chithunzi chimodzi mu kafoni kosweka galasi.

Bungwe lina ku Balaka linkafuna alangizi a alimi a thonje. Linalola kuti amene mapepala awo anapita ndi madzi abweretse chithunzi chosindikiza, bola dzina ndi chidindo zioneke. Tsiku lomaliza linali Lachisanu, hafu folo.

Ramla anafika ku Balaka Lachisanulo masana. Pa shopu yoyamba yosindikiza anamuuza kuti atumize chithunzicho pa WhatsApp. Koma WhatsApp imafinya zithunzi, ndiye chidindo chinatuluka ngati banga la mafuta. Kalaliki wa bungwelo, mayi Joanna, anangoyang'ana pepalalo kamodzi.

"Iyayi achemwali, apa sindikuwerenga kanthu. Bwerani nalo looneka, ndilandira."

Shopu yachiwiri inali ya bambo Sharifu, amene amasindikiza komanso kuikira anthu nyimbo. Analumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe. Foni inayamba kutchaja, kompyuta ili duu. Ndi zingwe zotchipa zija zongodziwa kutchaja, mafailo ayi. Ine zimandinyansa mpaka lero.

"Blututhi mulibe?" anafunsa Ramla.

"Kompyuta iyi ndi nkhalamba, mwanangu. Mawa ndibweretsa chingwe china, inshaallah."

"Mawa langa kulibe, bambo."

Nthawi inali itakwana folo koloko. Tisanamizane, ambirife apa tikanakwera minibasi n'kukauza a kunyumba kuti atilodza. Ramla naye anali ndi mantha, misozi ili lengelenge, koma sanachoke pakauntala. Anaona mayi wina akupereka memori khadi kuti amuikire nyimbo za kaswida, bambo Sharifu n'kuilowetsa mu kachipangizo kolumikiza ku kompyuta.

"Bambo, ngati nyimbo zimalowera pa khadi, chithunzi sichingatulukire pomwepo?"

Bambo Sharifu anagwira pakamwa. Zaka zonsezi kachipangizo kaja ankangokaona ngati ka nyimbo basi.

Ramla anasamutsira chithunzi ku khadi ya m'foni yake. Chotsegulira pa khadipo panalibe, ndiye anazula pini ya mpango wake, n'kubaya kabowo ka m'mbali mwa foni. Khadi inatuluka, bambo Sharifu n'kuilowetsa mu kachipangizo kaja. Pepala linatuluka chidindo chikuwerengeka chilembo ndi chilembo.

Anakwera kabaza atagwira mpango ndi dzanja limodzi, pepala ndi linalo. Anapeza mayi Joanna akutseka mawindo. Mayiwo anawerenga, n'kulemba dzina lake pamzere womaliza wa kaundula.

Patatha mwezi anamuitana kukafunsidwa mafunso, ndipo ntchito anaipeza. Lero amayenda m'minda ya thonje kwa Nsamala. Alimi akamuonetsa mapepala awo, amawajambula, n'kuwauza kuti asunge pawiri, m'foni ndi pa khadi.

Abale anga, njira ikakana, funsani ina. Ikakananso, yang'anani bwino pomwe mwaimapo musanatembenuke. Osataya mtima nthawi isanathe, pakuti ngakhale wolembedwa pamzere womaliza amaitanidwa.