Khonje wa m'malire a dimba langa

Amuna anga atamwalira, chodalira chimene anandisiyira chinali dimba la kudambo, kumunsi kwa Biriwiri. Mbatatesi za m'menemo ndinkapita nazo pa Lizulu, ana atatu n'kumadya, n'kumavala. Malire athu ndi dimba loyandikana nalo anali mzere wa khonje umene apongozi anga anabzala kalekale.

Chaka china ndinakakhala milungu itatu kwathu ku Kandeu, kudwazika mayi. Pobwera ndinapeza khonje uja wasuntha. Inde, wasuntha! Walowa m'dimba langa mizere khumi ndi iwiri, chitsime changa chothirira chatsala mbali inayo. Nanga dimba lopanda madzi n'kulitchanso dimba? Ndinatukwana tsiku limenelo, Mulungu andikhululukire, mpaka amayi ochapa kumtsinje anasiya zochapa n'kumandiyang'ana.

Koma anthu anandiuza kuti ndingomeza malovu. Mwini dimba linalo anali mphwawo wa a Jaji, mwana wa mlongo wawo weniweni. A Jajiwa tonse tinkawaopa. Paunyamata anali msilikali, anapita kunja komwe kunali nkhondo. Atabwerako anaphunzira zamalamulo naweruza milandu zaka zambiri m'tauni, ndipo nthawi imeneyi n'kuti ali phungu wathu kunyumba ya malamulo. Dzina la Jaji linangowakanirira. Mphwawoyo ndiye ankawasonkhanitsira anthu pamisonkhano ya chisankho.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero alamu anga. "Mukadandaula kwa ndani inu?"

Ine ndi mtima wangawu sindinamve. Loweruka m'mawa ndinakagwada pakhonde pawo. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma nditangoona nkhalamba yaitali ija, msana uli njo, mawu onse anabalalika. Ndinangoti, "Bambo, mphwanu wandilanda chitsime."

Sanandifunse zambiri. Anati nkhani ya malo ili ndi eni ake, iwo sangaigamule, koma ngati akuluakulu a mudzi alola adzabwera kudzaona ndi maso. Ndinabwerera ndikudziuza kuti basi, kumeneko ndiye kukana kwa anthu ophunzira.

Lachitatu anabweradi. Galimoto anaisiya kumsewu natsika phiri lonse lija wapansi, atavala majombo, m'manja muli kandodo kansungwi kosongola. Akuluakulu a mudzi analipo, mphwawo analipo, ndi mayi ake a mphwawoyo, gogo wofooka amene anachita kumugwirira potsika.

Mphwawo anayamba kulankhula mokoma. "Amalume, khonjeyu wakhala pomwepa chibadwire changa. Mayiwa angosokonezeka ndi umasiye." Ndinafuna kumulumphira, alamu anga anandikoka chitenje.

A Jaji anapita pamzere wa khonje uja. Anapinda thalauza nagwada m'matope. Phungu wathunthu, munthu amene apolisi ankamuchitira sawasha! Anayamba kubaya pansi ndi kandodo kaja, mopendeketsa, pang'onopang'ono, nasuntha chikhatho chimodzi, nabayanso. Mkulu wina anandinong'oneza kuti umu ndi mmene ankafufuzira mabomba okwirira kunkhondo kuja, poti dothi lokumbidwa chatsopano silibisala.

Patsinde pa khonje kandodo kanangolowa ngati m'phala. Anagwira khonje mmodzi ndi dzanja limodzi, n'kuzuka wosalimbalimba, mizu yake yodukaduka. Kenaka anakwawa chogwada kudutsa chitsime, akubayabe, mpaka kandodo kanagunda cholimba. Anapempha khasu. Atakumba panatuluka chitsa chakale cha khonje, chodulidwa ndi chikwanje. Anapita patsogolo napeza china, n'chinanso, zonse zili pamzere umodzi. Thukuta linali kamukamu, koma sanalole munthu kuwalandira khasulo.

Ataimirira anauza akuluakulu aja kuti, "Ine ndaona. Ogamula ndinu." Nanga panatsalanso chogamula? Akuluakuluwo anamuuza mphwawo uja kuti azule khonje yense ndi kumubwezera pamzere wakale tsiku lomwelo.

Apa m'pamene gogo uja analankhula. "Achimwene, mwandivula pagulu. Mwana ameneyu ndi wanu. Akanakhala wolakwa, si bwenzi mutamuitanira kuseri?"

Ine chimwemwe chinandithera pomwepo. Ndinaganiza kuti tsopano a Jaji abwerera m'mbuyo, anena kuti chitsime tizimwera limodzi kapena tigawane mizere ija pakati, monga timachitira kuno pofuna kuti wina asachite manyazi. Kunena zoona, ndikanavomera.

A Jaji anavula chipewa. Anapita pamene panakhala mlongo wawo nagwadanso, ulendo uno pamaso pa gogoyo, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Achemwali, pepani. Kuseri ndinamuitanira Lamlungu, ndinamupempha kuti abweze yekha anthu asanadziwe. Anandiseka. Mundikwiyire ine, ndalola. Koma ana a mayiwa amadya pachitsime chimenechi."

Gogo uja anatembenuza nkhope. A Jaji anakhalabe chogwada nthawi yaitali, ife tonse maso pansi, koma mlongo wawo sanawayang'ane. Pomaliza anadzuka okha nayamba kukwera phiri.

Pachisankho chotsatira mphwawo uja anasonkhanitsira anthu munthu wina, ndipo a Jaji anagwa. Mlongo wawo anamwalira patapita zaka ziwiri asanapondenso pakhomo pawo. Pamaliropo ndinawaona atakhala kumbuyo, pakati pa anthu wamba, poti abale sanawapatse mpando kutsogolo. Ndinapita kukagwada pafupi nawo kuti ndiwapepese, misozi ili chuchuchu, chifukwa mumtima ndinkadziwa kuti ndine ndinawadanitsa ndi mlongo wawo. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anandizindikira.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "chitsime chija sichinaphwe?"

Ndinati ayi, Bambo, madzi alimo. Anagwedeza mutu n'kutembenukiranso kumene kunali bokosi.