Linunda la ng'ombe za bambo

Ngamila ndinayamba kuiona pabolodi, ndili Sitandade 5 ku Kasakula. Aphunzitsi anaijambula ndi choko, miyendo italiitali ngati nsungwi. Anati mapazi ake ndi otambalala kuti asamatitimire mumchenga, mphuno imazitseka kukabuka fumbi, ndipo imatha masiku osamwa madzi. Zoti m'linunda lake mumakhala mafuta ananena ndithu, koma ine maganizo anali atathamangira kale kwathu. Linunda? Nanga si ng'ombe zathu nazonso zili nalo?

Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha, choncho ng'ombe ziwiri zokoka ngolo ya bambo ndinkakamwetsa ndine kudambo, kutsika phiri lonse lija. Chaka chimenecho, mu Okutobala, atsikana tinkayeserera chimtali choti tikavine pamsonkhano wa chipani, ndipo ine anandiika kutsogolo. Bambo anali atapita kumaliro ku Nachisaka. Ndinamangirira ng'ombe pamtengo wa mango kuseri kwa munda, n'kuziponyera mapesi. Mayi ndinawauza kuti zamwa. Ndinatero masiku awiri, mtima uli m'malo, poti ndinali munthu wophunzira.

Tsiku lachitatu bambo atabwerako anapeza ng'ombe imodzi, yakuda, itagona, lilime panja, ikukana kudzuka. Popanda iyo ngolo sikanayendanso, ndiye fodya wathu akanadzapita bwanji kumsika? Ndinaulula zonse ndikulira, mpaka za mphuno zotseka zomwe. Ndinadikira mbama, koma sinabwere. Bambo anangotenga ndowa ya mayi n'kutsika kudambo. Maulendo anayi, munthu wamkulu wa ndevu zake atasenza ndowa pamutu, madzi akuyenderera pamalaya a kumaliro, amayi apachitsime akusekera m'zitenje. Manyazi amenewo ndimawamva mpaka lero.

Dzuwa litapendeka ng'ombe inadzuka. Bambo anakhala pansi, kupukuta thukuta, n'kundifunsa kuti nyama ya aphunzitsi ija kwawo n'kuti. Ndinawauza kuti ndi kuchipululu.

"Chabwino. Ikadzabwera kuno usadzaimwetse. Koma izi n'za ku Ntchisi konkuno."

Chimtali ndinakavinabe, koma mzere wakumbuyo. Ngamila yeniyeni ndinadzaiona pa wailesi ya kanema ndili kale ndi zidzukulu, bambo atatisiya. Inali ikumwa madzi, anthuni, kumwa kosadzutsa mutu, ndipo ndinalakalaka bambo akanakhalapo kuti ndiwaonetse.