Ndinalawa vinyo wa pa table four

Anzanga, Simataa ndinakumana naye ku Mukuni Park mu 1983, ine ndikugulitsa munkoyo, chakumwa chonga thobwa, pafupi ndi osema ziboliboli. Anabwera ndi azungu awiri ochokera ku hotela komwe iye anali weta, woperekera zakudya.

Ndinathira m'kapu, n'kumwako kaye, kenako n'kuwapatsa. Amayi anandilera choncho: mlendo sumupatsa chakumwa usanalawe, adziwe kuti mulibe choipa.

Azunguwo anawomba m'manja mpaka kundijambula.

"Iwe Justina, manja yako ni ya mu hotela, osati ya pa msewu," anatero Simataa atandifunsa dzina.

Ine mano onse panja... Basi, ndinagwa naye m'chikondi.

Miyezi isanu ndi itatu! Loweruka lililonse ankandiperekeza kwathu ku Malota atandinyamulira chigubu. Amayi anayamba kumutchula mkamwini. Kenako Simataa anandipezera malo kuhotelako, ndizipereka munkoyo alendo akamadya nkhuku ndi ndiwo zotendera.

Masiku amenewo vinyo ankasowa ngati sopo. Botolo lakunja linkakhala lokiyidwa m'kabati, kiyi ali m'thumba mwa manijala, a Mudenda.

Tsiku langa lachitatu, alendo anadzaza masana. A Mudenda atatulutsa botolo la vinyo, Simataa analitsegula n'kundipatsira.

"Peleka pa table four, fast fast!"

Sanandiuze kuti kumeneko wolawa vinyo ndi mlendo.

Ndinafika, ndinapinda maondo mwaulemu, ndinathira pang'ono n'kumwa.

Mayi wachizungu anakankhira tambula yake kutali.

A Mudenda anabwera chothamanga.

"Wamwa wine ya customer! Simataa, si uyu wamene ufuna kukwatila?"

Ndinamuyang'ana Simataa. Ndinkangofuna anene kuti, "Sanazibe, nine sininamuuze."

Iye maso anali pa nsapato.

"Awe ba manager. Nimuziba chabe ku market, agulisa munkoyo."

Chabe!

Ndinavula epuloni n'kuyenda wapansi mpaka ku Malota. Za ntchitoyo sindinadandaule n'komwe. Chimene chinkandilasa ndi mawu ake.

Anabwera patapita milungu iwiri.

"Unvele Justina, nenze kuteteza nchito. Sembe banatipisha tonse, tizadya chani?"

Mwina ankanena zoona, ntchito zinkasowadi. Koma anzanga, munthu akakukana pagulu n'kudzakupepesa kuseri, uzidziwa kuti ukadzavutikanso udzakhala wekha.

Ndinamutsekera chitseko ndikumukondabe. Ndinatsamira chitsekocho n'kumamvetsera, mwina agogodanso.

Sanagogode.