Mtsuko wa pa chithunzi

Linali Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Novembala, nthawi itangopitirira 3 koloko masana ndi maminitsi makumi awiri. Nthawiyo ndimaikumbukira chifukwa ndinali nditangoyang'ana wotchi ya pa uvuni, kuwerengera kuti mwana wa madamu adzuka liti. Ndinatenga kansalu kuti ndipukute tebulo lodyera, ndipo ndinayamba kusonkhanitsa mapepala amene anali atayalidwa pamenepo.

"Usakhudze," anatero madamu ali pakhomo la chipinda chawo.

Ndinabweza manja kumbuyo. Ndinali nditagwira ntchito m'nyumba imeneyo, ku Oud Metha mumzinda wa Dubai, chaka ndi theka, koma mawu anga onse kwa iwo akanakwana m'thumba limodzi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo Chingerezi changa ndi cha kukhitchini. Iwo ndi Mgiriki, amaphunzitsa pa sukulu yaukachenjede, ndipo masiku amenewo ankalemba buku. Mapepalawo anali zithunzi za mapale: makosi a mitsuko, zogwirira, matako a mbiya, zina zofiira zina zakuda, zitandandalikidwa kuchokera mbali ina ya tebulo kufika mbali ina.

Mwina anaona kuti ndachita mantha, chifukwa anakoka mpando n'kundiuza kuti ndikhale. Sindinakhale. Anatenga pensulo n'kujambula dzenje lalitali kuseri kwa envelopu. Ankalankhula pang'onopang'ono, manja akuthandiza. Anati kwawo kuli zitsime ndi maenje osungira madzi a mvula zimene anthu anakumba kalekale, Yesu asanabadwe, ndipo palibe analemba tsiku lake. Ndiye iwo amafukula n'kufunsa mapale.

Pansi penipeni, anati, pamapezeka mitsuko yathunthu imene inagwa chingwe chitaduka. Imeneyo imanena nthawi imene anthu ankatunga madzi. Pamwamba pamakhala zinyalala zimene anatayamo pokwirira chitsimecho. Ndipo maumbidwe a mitsuko ankasintha ndi nthawi, milomo yake ndi zogwirira zake, monga momwe maluwa a pa chitenje amasinthira.

Zimenezo ndinazimva bwino. Kwathu ku Ntcheu chitsime chakale cha kudimba chinameza zigubu zathu zambiri.

Kenaka analoza chithunzi chomaliza, kumapeto kwa tebulo. "Chakale kwambiri sichithandiza," anatero. "Anthu amasunga zakale, mphika wa agogo ukhoza kukhala m'nyumba zaka zambiri. Umayang'ana chatsopano kwambiri. Pamene chatsopano chathera, m'pamene chitsime chinatsekedwa. Ukaona kuti chinthu chimene anthu onse anali nacho pambuyo pake mulibemo, uzidzifunsa chifukwa chake."

Ndinati, "Yes, madamu," ndipo ndinabwerera kukhitchini.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Ndinamusiya kwa amayi anga atangoyamba kuyenda. Foni yojambula m'banja mwathu ali nayo ndi achemwali anga aakulu okha, ndiye ndi iwo amene ankanditumizira zithunzi zake, kawiri kapena katatu pa mwezi. M'mawa wa tsiku lomwelo anali atatumiza china, koma ndinangochiona mothamanga. Nditaima pa sinki ndinachitsegulanso kuti ndichione bwino.

Mwana wanga anaima pakhonde, chala chili m'kamwa, atavala juzi yapinki imene ndinamugulira ku Al Rigga n'kuitumiza mu Meyi. Kumbuyo kwake kunali mtsuko wa amayi wa khosi lakuda, wosungiramo madzi akumwa.

Mtsuko umenewo unasweka mu Ogasiti. Amayi anandiuza okha pa foni, akudandaula kuti mbuzi ya aneba inaugwetsa, ndipo phale lake lalikulu akukazingiramo mtedza.

Ndinakhala pa kampando ka pulasitiki n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Chithunzi cha Okutobala: juzi yomweyo, pamene kwathu mwezi umenewo ngakhale nkhuku zimayasamula kukamwa ndi kutentha. Cha Seputembala: mwana ali pa mphasa, kumbuyo kwake chimanga choyanika chisanalowe m'matumba. Chimanga timakolola mu Meyi. Tsitsi lake linali lofanana m'zithunzi zonse, silinakule. Ndinafufuza nsapato zofiira zimene ndinatumiza mu Seputembala. Munalibe ngakhale m'chithunzi chimodzi. Chinthu chatsopano kwambiri m'zithunzi zonsezo chinali juzi ija.

Ndiye ndinakumbukira mayankho a achemwali nthawi zonse ndikapempha kuti ndimuone pa vidiyo. Netiweki yavuta. Wagona kumene. Wapita ndi agogo ake kuchigayo. Ine ndinkangoti chabwino, chifukwa sindinazolowere kukakamiza munthu wamkulu.

Kwathu munthu wakutali sauzidwa zoipa pa foni. Amati akudwala pang'ono pamene munthu ali kale m'bokosi. Ineyo ndinachitapo zimenezo: atamwalira abambo, ndinauza achimwene amene anali ku Joni kuti angobwera adzaone odwala. Choncho mwambo umenewu ndimaudziwa m'kati mwake. Ndinaganiza kuti mwana wanga anaikidwa m'manda miyezi ingapo yapitayo, ine ndikumugulira nsapato.

Mwana wa madamu anadzuka n'kulira. Ndinamunyamula, ndinamusintha thewera, ndinamupatsa nthochi yophwanya. Manja ankadziwa okha ntchito. Nditamukhazika pakati pa zidole zake, ndinaimbira amayi ena a kutchalitchi kwathu, amene amagwira ntchito yosesa m'maofesi ku Business Bay. Ndi iwo amene ananyamula nsapatozo atapita kumudzi pa tchuthi, ndipo anakafika mpaka pakhomo pathu. Atabwerako anangondiuza kuti mwana wakula, koma akulankhula maso anali m'chikwama mwawo.

"Amayi, pepani ndakusokonezani pa ntchito."

"Palibe kanthu, mwana wanga. Bwana wanga watuluka, ndikungocheza ndi mopu. Kwagwanji?"

"Nsapato zija zinamukwana?"

Ndinkamva makina oziziritsa mpweya kumbali kwawo.

"Amayi, munamuona ndi maso anu?"

"Ndinamuona."

"Wamoyo?"

"Wamoyo, mwana wanga. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, ndinamunyamula ndi manja angawa. Koma aimbire achemwali ako. Si ine woyenera kukuuza. Anandipempha, ndipo ine ndinavomera, ndiye mlandu ndili nawo."

Ndinaimbira achemwali. Kwathu inali cha m'ma 2 koloko. Anayankha akuseka. "Abwana a ku Dubai, mwatikumbuka? Chithunzi mwachiona?"

"Ndachiona. Achemwali, mtsuko uja unasweka mu Ogasiti. Waumbikanso?"

Kuseka kunatha.

"Ndipatseni mwana ndimuone."

"Netiweki kuno..."

"Ikugwira. Ndikukumvani bwinobwino."

Sindinalankhulepo nawo chotero chibadwire. Anapumira m'mwamba, kenaka anafotokoza. Zinachitika kumayambiriro kwa Julaye, m'mawa kukuzizira. Amayi anasonkha moto kukhitchini n'kupita kumjigo, mwana akuotha. Mwanayo anawerama kuti atole mbatata, ndipo moto unagwira mkono wa juzi. Juziyo sinayake ngati nsalu, inasungunuka n'kumamatira pakhungu. Anagona kuchipatala cha boma masabata asanu ndi limodzi.

"Chifukwa chiyani simunandiuze?"

"Ukanatani uli kumeneko? Ukanasiya ntchito, ukanadwala maganizo. Komanso amayi anati usadziwe kuti ndi juzi yako. Anati ukadziwa sudzadzikhululukira. Tinkadikira kuti zipsera zichepe kaye."

"Ndiye zithunzi zija?"

"Ndinajambula zambiri tsiku limodzi mu Juni, atavala koyamba. Ndimatumiza chimodzichimodzi. Zatsala zitatu."

Anatsegula vidiyo. Ndinaona denga la udzu, kenaka chitenje cha amayi, kenaka iye. Anali atatalika. Kuchokera pansi pa khutu lamanja kutsikira m'khosi khungu linali lotuwa ndi lonyezimira. Mkono sunkatambasuka wonse, ndipo zala ziwiri zinali zitagwirana. Kumapazi kunali nsapato zofiira zija, zakuda ndi fumbi.

"Apatse moni amayi ako," anatero achemwali.

Anandiyang'ana pang'ono, n'kubisa nkhope m'chitenje cha agogo ake. Amayi sanayang'ane foni. Ndinangomva mawu awo akuti, "Ndine ndinamusiya yekha." Ndinafuna kuwayankha kuti juzi ndinagula ndine. M'malo mwake ndinapempha achemwali kuti amujambule pomwepo n'kunditumizira, ndipo anatero.

Madzulo ndinaphika mpunga ndi nsomba, ndinasambitsa mwana wa madamu. Ndikumupaka mafuta m'khosi ndinayang'ana kukhoma. Madamu anafunsa ngati ndikudwala, ine ndinati ayi. Tchuthi changa chinali chisanakwane, kunatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndinkadziwa kuti buku lawo likufunika lithe chaka chisanathe. Popanda ine sakanalemba. Achemwali anali atandiuzanso kuti adokotala akufuna kulekanitsa zala zija mu Disembala, ndipo mwana amakuwa akangoona chovala choyera cha kuchipatala.

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yanga ya masiku onse. Ndinachotsa zithunzi zonse za juzi yapinki m'foni, kusiya chatsopano chokha. Ndinaphika khofi, ndinamwetsa mwana phala. Madamu atakhala pa tebulo ndi mapepala awo, ndinapita n'kuima pambali pawo mpaka anadzutsa mutu. Mawu a Chingerezi ndinali nditawakonza ndikutsuka makapu, koma onse anathawa. Ndinaika foni kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chithunzi chawo chomaliza, chithunzi cha mwana wanga chili chotsegula. Anavula magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndi wanga," ndinatero. "Ndikupempha ndipite kwathu mu Disembala. Ndidzabwera mukafuna. Mukapanda kufuna, ndipitabe."

Ndinaima pomwepo kudikira yankho lawo, ndipo sindinabwerere kukhitchini.